Ndani Asambitse Bambo Zacarias?

Ndikuponyereni ndagi, muiwakhe isagwe pansi. Nkhokwe yanga ndinaimanga mano ali onse m'kamwa. Ndinaimata, ndinaifolera, ndinathiramo chimanga chaka ndi chaka osatapamo. Tsiku limene njala yandigwira, nkhokwe ija yamera miyendo, yavala nsapato, yakwera sitima. Nchiyani chimenecho? Mwakanika? Ndipatseni mudzi ndidye. Ngauma ayi, kumeneko kunapsa. Ndipatseni Cuamba ndi njanji yake yomwe. Eya, ndalandira. Nkhokwe imeneyo ndi mwana amene unamuphunzitsa sukulu. Amene akuti ndanama adikire kaye, tidzacheza akadzayamba kutafuna ndi nkhama.

"Chidebe chimenecho lero sindichigwira," anatero Samuele, atakhala pa mtondo wogwetsa, nkhope ataloza kwina.

"Madzi azizira, bambo a Andreya," anatero mkazi wake Anastaziya.

"Azizire. Kaya aume."

"Nanga bambo agone m'zonyowa mpaka dzuwa lifike paliwombo?"

"Bambo a yani? Anga ndinaika ndekha ku Ngauma, manda ake ndikuwadziwa. Awa ali ndi mwana wawo wamwamuna, wovala nsapato, wolankhula Chipwitikizi ngati akukazinga mtedza m'kamwa. Ali kuti?"

"Tsitsani mawu, akumva."

"Amve! Linafa ndi dzanja, makutu ali moyo."

Munali m'zaka za nkhondo. Anthu othawa ku Ngauma anawaunjika m'nyumba yakale yosungiramo thonje pa Mandimba, banja ndi banja kulekana ndi mphasa yopachika, moti munthu akayetsemula kuno, wa uko ankapukuta nkhope. Bambo Zacarias, bambo ake a Anastaziya, anagwa m'munda wa fodya nkhondo isanafike m'mudzi mwawo. Anadzuka mbali ya kumanja itafa: dzanja, mwendo, ndi theka la pakamwa. Kuwadyetsa, kuwasukusula, kuwachapira, zonsezo Anastaziya ankachita. Koma kuyambira m'chiuno kutsika, mwambo unakana. Mwana wamkazi saona kumene anachokera. Ntchito imeneyo ndi ya mwana wamwamuna, ndipo poti mwana wamwamunayo, Silvestre, anali ku Cuamba, chidebe chinagwera mkamwini, munthu amene masiku amtendere sakanadya ngakhale mbale imodzi ndi apongozi ake.

"Wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima," anatero Anastaziya.

"Kwa mphenzi ndinakwatira ndithu, koma palibe anandiuza kuti mphenziyo ndizidzaipukuta kumbuyo."

"Mulungu akukuonani."

"Akundiona, inde. Asilikali nawonso akundiona. Dzulo pamsika agwira amuna, awakweza m'galimoto kukawaveka zankhondo. Ine ndapulumukira m'khola la mbuzi la eni ake. Usiku kumpoto uko mfuti zikuphulika ngati mbuliwuli m'phale. Mukufuna ndidikire chiyani pano? Mvetsani bwino, mayi a Andreya. Mvula yoyamba ikangogwa, ine ndi ana tiwoloka kupita ku Malawi."

"Ndi bambo?"

"Pamsana uti? Pochokera ku Ngauma tinawanyamula pa machila ndi mng'ono wanga. Mng'ono wangayo ali kuti lero? Anamutenga asilikali. Machila a munthu mmodzi munawaonapo? Ndiponso ukawoloka sikuti wafika, kumene akusunga othawa ndi kutali. Bweretsani njinga ija. Ndimangirira mpando kumbuyo, ndiwakankha mpaka kumene mukufuna. Njinga yomweyo ndizinyamulira anthu katundu tipeze sopo, chifukwa munthu wogona pansi amadya sopo kuposa chimanga."

Njinga imeneyo inali nkhani. Bambo Zacarias mphamvu zawo zonse zinathera pa njanji ku Cuamba, kusenza zitsulo. Ukalamba anaukonzera zinthu zitatu: mbuzi, njinga, ndi sukulu ya Silvestre. Mbuzi zinadyedwa ndi ankhondo, a uku ndi a uko, osasiya ngakhale chikopa. Kandalama ka reforma, kamene a njanji amapatsa opuma ntchito, kankalandiridwa ndi Silvestre, ndipo ku Mandimba sikanafikepo ngakhale fungo lake. Njinga Silvestre yemweyo anaibwereka bambo ake asanagwe, akuti angofika nayo pamsika. Msika wake unakhala Cuamba. Komatu mwini wake ankanena poyera, akadali ndi pakamwa ponse, kuti, "Amene adzandisambitse ndili nkhalamba, njinga iyi ndi yake."

"Mkamwini ndi mlamba ndithu," anatero Anastaziya motsitsa, "sachedwa kuterereka."

"Mlamba umenewu waterereka liti? Mvula ziwiri zapita chidebe chili m'manja mwanga!"

Anakalipa choncho, kenako anadzuka, natukula chidebe chomwe chija, nalowa kuseri kwa mphasa akung'ung'udza. Anastaziya anamva madzi akukhavuka, anamvanso mawu a mwamuna wake atafewa: "Tembenukani pang'ono, bambo. Eya. Gwirani khosi langali." Misozi inamufika m'maso. Koma ankamudziwa Samuele. Akanena za mvula yoyamba, ndiye kuti mvula yoyamba.

Dzuwa likakwera, nkhalamba zodwala ankazitulutsa pakhonde la nyumba ya thonje ija, kuziyala mndandanda ngati nsomba za m'nyanja ya Amaramba pa thandala. Onse anawameta mpala chifukwa cha nsabwe. Onse anafunda mabulangete otuwa a kalamidade, katundu wa chithandizo uja ankabwera m'mabelo. Pafupi ndi Bambo Zacarias pankagona Che Rajabo, amene kale ankagulitsa nsomba zouma. Iwo miyendo inatupa ngati mitondo, koma pakamwa panali pa mnyamata.

"Mwamaliza msonkhano?" anafunsa Che Rajabo, Anastaziya akubwera ndi phala. "Ife kuno tamva zonse, sitinalipire kanthu."

"Musandiseke, Che Rajabo."

"Sindikuseka, mwanangu. Ine ondisambitsa ndi anzanga a kumzikiti, lero uyu, mawa uyo, mwana wanga Fatuma amangophika ndi kuchapa. Mwamuna wakoyo ali yekha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Anastaziya anagwada, nayandikiza supuni pakamwa pa bambo ake. Iwo anamuyang'ana nthawi yaitali, nalimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka opindika.

"Ndi... si... yeni."

"Mwati chiyani, bambo?"

"Pi... tani."

"Idyani phala, musalankhule zopanda mutu. Njinga ndikaitenga ine."

Koluna, mndandanda wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, inanyamuka sabata yomweyo. Anastaziya anasiya bambo ake m'manja mwa Samuele ndi Fatuma, nakwera pamwamba pa matumba a nyemba. Ulendo umenewo munthu sulankhula. Maso onse ali kutchire, udzu ukagwedezeka mitima kuima. M'mbali mwa msewu munali magalimoto opsa, mafupa okhaokha. Mayi wina ankapemphera m'Chiyao, wina m'Chimakuwa, ndipo Anastaziya ankangovomera ameni kwa onse, poti pa msewu umenewo sunkasankha pemphero.

Ku Cuamba anapeza nyumba ya mchimwene wake kuseri kwa njanji, yanjerwa, yamalata. Pabwalo panali anthu a mpingo akusankhula zovala za kalamidade, ndipo pakati pawo panaima Silvestre, malaya oyera, mimba patsogolo, akulamula ndi chala. Njinga inali itatsamira mtengo wa mango, yopukutidwa mpaka kuwala.

Silvestre atamuona anadzidzimuka, koma pakamwa pake sipanagone.

"Onani, onani! Mayi Elena, uyu ndi mlongo wanga Anastaziya, uja ndimanena kuti amandigwirizira pang'ono kwa bambo ine ndikachokapo."

Mayi Elena, amene ankatsogolera amayi a gululo, anali mayi wamkulu thupi, wa maso osaphethira. Anamugwira Anastaziya manja onse awiri.

"Mwana wanga, uli ndi mwayi. Amuna ngati achimwene akowa anatha. Koluna iliyonse ali m'galimoto, njinga pamwamba, kupita ku Mandimba kukasambitsa bambo awo. Ife nchifukwa chake tinawasankha kukhala mkulu wa gulu lachifundo."

"Koluna iliyonse?" anafunsa Anastaziya. "Ku Mandimba?"

"Watopa ndi ulendo uyu," anadula Silvestre. "Inu mukudziwa, munthu wodwala chonchija safuna dzanja lachilendo. Ndikafika ine ndimawasambitsa, kuwadzoza, kuwabereka kupita nawo kuseri. Mkamwini angachite zimenezo? Nchifukwa chake bambo ananena okha kuti, wondisambitsa njinga ndi yake. Si iyo mukuionayo?"

Amayi aja anaomba m'manja. Anastaziya lilime linamuyabwa, koma mchimwene ndi mwini mbumba, sumuvula pagulu. Anadikira mpaka anthu atayamba kumanga mabelo, namukokera kuseri kwa nyumba. Kumeneko, pakhomo la kachipinda, anaona matumba a shuga ndi mipiringidzo ya sopo ya ku Malawi, mulu kufika m'chiuno. Apo ndi pamene anamvetsa. Kandonga, malonda a mseri. Mchimwene wake ankafikadi pa Mandimba, kugula katundu pa malire, kudutsa kuseri kwa nyumba ya thonje, osasuzumira.

"Achimwene, mumafika pa Mandimba?"

"Ndimakhala wothamanga, iwe. Koluna siidikira munthu."

"Bambo chigwereni simunawaone."

"Ndimawaona mumtima."

"Mumtima simusambitsa munthu. Samuele watopa. Akuti mvula ikagwa awoloka ndi ana. Ndipatseni njinga tiwanyamulirepo bambo."

"Epa! Njinga ndi miyendo yanga. Ukufuna m'nyumba mukhale opuwala awiri?"

"Ndiye bwerani mudzawasambitse, njingayo ikhale yanu mwachilungamo."

"Ine mphuno yanga siigwirizana ndi fungo la odwala. Anandiuza adokotala enieni. Ndipo Samuele akudandaula chiyani? Zaka zonsezi walima munda wa mayi athu, wadya mango a bambo. Walira mvula walira matope. Asambitse."

"Nanga reforma ya bambo?"

"Imathera m'njira. Ukudziwa mtengo wa kuyenda masiku ano?"

"Achimwene, bambo anasenza zitsulo kuti inu mugwire cholembera. Mapewa awo mpaka lero ali ndi zipsera. Chibale ndi fupa."

"Fupa ndi fupa, koma galu wanzeru sakhalira fupa limodzi. Tenga aka." Anatyola kachidutswa ka sopo, kopyapyala ngati lilime la mphaka. "Ukawauze bambo kuti ndikuwaganizira. Ndipo pakamwa pako usamale pamaso pa anthu awa."

Atabwerera pabwalo anapeza Mayi Elena akumanga belo lomaliza.

"Tagwirizana," anatero mayiwo. "Mabelo awa tikagawe ku Mandimba, kumene kuli othawa ambiri. Koluna yotsatira tipita nanu, Bambo Silvestre, tikaonenso bambo anu."

Silvestre anameza malovu. "Msewu umenewo ndi woopsa kwa amayi."

"Inu mumaudutsa mwezi ndi mwezi chifukwa cha chikondi. Ife tilephere kamodzi kokha?"

Anastaziya anabwerera ku Mandimba m'mawa mwake pa koluna yomwe inamubweretsa, kasopo kaja kali m'chikwama. Samuele anangoyang'ana manja a mkazi wake, opanda njinga. Madzulo ake anayamba kumanga mphasa ndi mapoto m'kamtolo, nakaimika pakona, poonekera.

Masiku otsatira kunja kunatentha ngati m'ng'anjo. Mitambo inkaunjikana kumapiri masana, madzulo nkubalalika. Anastaziya ankadzuka kuyang'ana kumwamba, kukatunga madzi kuyang'ana kumwamba, mpaka anapunthwa nataya ndowa yonse. Mlimi aliyense ankapempha mvula, iye yekha ankaipempha kuti ichedwe. Mabanja ena m'nyumba ya thonje anayamba kusowa m'mamawa, pamalo pawo pangotsala mafuwa.

Choipa kwambiri, Bambo Zacarias anatseka pakamwa. Supuni ikafika, mano gwa.

"Bambo, mukufuna mundiphe ndi chisoni?"

Iwo maso kudenga.

"Akufuna akupepuzireni katundu," anatero Che Rajabo. "Nkhalamba iyi ndi yochenjera moipa. Iwe Zacarias, ukafa ndizikangana ndi yani? Uyu wa kumanzereyu ndi wogontha."

Anastaziya anawafotokozera Fatuma ndi Che Rajabo zonse za ku Cuamba, malaya oyera, manja oombedwa, sopo wofika m'chiuno. Che Rajabo anapukusa mutu, nanunkhiza fodya wawo, nayetsemula.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana wa Zacarias ndi uyu wa chidebeyu. Winayo ndi ng'oma, ndipo ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika."

"Ing'ambike liti, Che Rajabo? Mitambo iyo," anatero Anastaziya.

Usiku wa Lachinayi kunawaza timadontho, fumbi nkununkhira. Samuele anatuluka, natambasula dzanja, nabwerera.

"Iyi si mvula," anatero Anastaziya msangamsanga. "Ndi malovu chabe."

"Mawa igwa yeniyeni," anayankha Samuele. "Musankhe, mayi a Andreya. Ine sindikukukakamizani."

Kusankha kwake kotani, abale inu? Uku bambo, uku ana. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kutacha, nkhalamba anaziyala pakhonde monga mwa masiku onse. Fatuma anali atachapa chisoti cha bambo ake, poti linali Lachisanu, nachiyanika pa udzu. Dzuwa linkawomba pa mpala wa Che Rajabo, iwo nkumadandaula kuti ubongo ukuwira. Bambo Zacarias anavula kapusi yawo yakale ya pa njanji, yabuluu, ya kachitsulo pamphumi, naikankhira kwa mnzawo ndi dzanja lamoyo lija. Che Rajabo anaivala, nakokera bulangete mpaka pamphuno kuthawa ntchentche.

Anastaziya ankachokera kuchitsime, ndowa pamutu, pamene anamva belu la njinga. Koluna inali italowa. Gulu la anthu linkabwera ku nyumba ya thonje, mabelo pamitu, ndipo patsogolo panali Silvestre, malaya oyera omwe aja, akukankha njinga, akuliza belu ngati wabweretsa mkwatibwi. Mayi Elena anali pambali pake.

Atafika pakhonde, Silvestre anachepetsa liwiro. Anastaziya anaona maso ake akuthamanga pa mndandanda wa mabulangete otuwa ndi mitu yometa, kupita uko, kubwerera kuno. Bambo amene iye ankawadziwa anali chimunthu cha mapewa ngati chitseko. Apa panali nkhalamba zouma zokhazokha, zofanana ngati mbewa pa mpani. Kufunsa sakanafunsa. Munthu wosambitsa bambo ake mwezi ndi mwezi amafunsa kuti bambo anga ndi ati?

Anastaziya akanatha kutula ndowa nkuloza. Pakamwa panatseguka ndithu. Kenako anakumbukira kasopo konga lilime la mphaka, natseka.

Maso a Silvestre anagwera pa kapusi yabuluu. Nkhope inamasuka. Anaimika njinga, nagwada, bondo limodzi pansi.

"Bambo! Ndabweranso, mwana wanu Silvestre."

Pansi pa bulangete panatuluka kubuula kwakutali, kwa munthu amene wamva dzina nalizindikira.

"Mwamva? Andidziwa. Bwerani pafupi, amayi, muphunzire. Munthu wodwala chonchi umayamba ndi mwendo wakufa." Anavundukula bulangete kumapazi, natulutsa mwendo wotupa wa Che Rajabo, naupapasa monyadira. "Mwaona kunenepa? Yerekezani ndi anzawowa. Onani uyu wagona apayu, mafupa okhaokha, kaya ana ake ali kuti, anthu opanda manyazi. Koma anga awa, shuga amene ndimabweretsa ndi ameneyu."

Amene anamuloza kuti mafupa okhaokhayo anali Bambo Zacarias. Anali akumuyang'ana mwana wawo, diso osaphethira. Samuele, amene anali atatuluka ndi chidebe, anaima pakhomo kukamwa yasa. Anthu a m'nyumba ya thonje anayamba kusonkhana, akugwirana zigongono, wina aliyense ataluma mlomo.

"Mwanangu," anatero mawu a pansi pa bulangete.

Silvestre anatembenukira amayi aja, maso akuwala. "Mwamva? Lilime linafa, koma ndikafika ine limadzuka!"

"Mwanangu, wachita bwino kufika. M'mimba mwavuta. Ndibereke monga umachitira, tipite kuseri."

Silvestre anayang'ana malaya ake oyera. Anayang'ana Mayi Elena. Mayi Elena anali atapinda manja pachifuwa, akudikira kuphunzira.

"Mwina apume kaye..."

"Msanga, mwanangu, zili pakhomo!"

Silvestre anawerama. Che Rajabo anamukwera pamsana, bulangete lili kumutu, manja nkumukoleka pakhosi ngati goli. Munthu wa nsomba uja sanali wopepuka. Silvestre anadzuka miyendo ikunjenjemera, mitsempha ya pakhosi itatuluka, nayenda mapazi angapo akupepesuka.

"Bisimila," anatero Che Rajabo pamsanapo, mokweza. "Mwana uyu ndi wa baraka, wodalitsika. Tikachoka kuseriko undipititse ku mzikiti, lero Lachisanu."

Mayi Elena anakweza nsidze. "Bambo Silvestre, bambo anu analowa Chisilamu liti? Paja munati ankaimba kwaya ku Ngauma?"

"Ndi matenda," anatero Silvestre akupuma mwa befu. "Amasokoneza mutu."

Nthawi yomweyo Fatuma anatulukira pakona, chisoti chouma m'manja. Anaima. Anakuwa.

"Inu bambo inu! Mukupita nawo kuti bambo anga?"

Khonde lonse linaphulika. Amayi anagwa pa mabelo. Nkhalamba zimene zinali zisanaseke chichokereni kwawo zinkatsokomola ndi phwete, wogontha uja naye akuseka poona anzake. Anastaziya ndowa inamugwedezeka pamutu mpaka madzi anamutsikira kumsana, osawamva.

Ndipo pakati pa phokosolo panamveka kamawu kachilendo, ngati chitseko cha dzimbiri. Anali Bambo Zacarias. Theka lamoyo la pakamwa pawo linali litakwera m'mwamba, chifuwa chikudumpha, misozi ikutsikira m'khutu.

Mayi Elena sanaseke nthawi yaitali. Anayang'ana Anastaziya, nayang'ana kumene iye ankayang'ana, napita kukagwada pafupi ndi nkhalamba youma ija.

"Bambo, ndinu a Zacarias?"

Mutu unavomera.

"Uyo wabereka mnzanuyo ndi mwana wanu?"

Mutu unavomeranso, pang'onopang'ono.

"Amakusambitsani ndani?"

Dzanja lamoyo lija linatuluka m'bulangete, linafufuza m'mwamba, linapeza mwendo wa buluku la Samuele, niligwira zolimba ngati wina alilanda. Samuele anayang'ana pansi, chidebe chili m'manja.

Mayi Elena anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, napita pamene panali njinga.

"Bambo Silvestre, mawu aja munatiuza nokha, pabwalo panu, tonse tikumva. Wondisambitsa njinga ndi yake. Kapena nawonso anali matenda osokoneza mutu?"

"Mayi Elena, tikambirane bwino, njingayo ili ndi katundu wa..."

"Katundu wanu mumusenza. Taona tonse kuti msana muli nawo." Anakankha njinga ija mpaka pamene panali Samuele, namugwiritsa chiwongolero. "Za reforma ndi za ukulu wa gulu tikakamba ku Cuamba, pamaso pa mpingo."

Samuele anatula chidebe. Anagwira njinga, nayesa matayala ndi chala, nagwedeza chonyamulira cha kumbuyo kuona ngati chili cholimba. Kumapiri kunagunda, mphepo yozizira nkudutsa pakhonde.

"Mayi a Andreya," anatero osakweza mutu, "kabwerekeni kampando kwa Fatuma, ndi chingwe. Bambo muwapatse phala lokwanira, njira ndi yaitali."

Anastaziya anathamanga ndi mbale. Supuni isanafike, pakamwa pa Bambo Zacarias panali patatseguka kale.

Pabwalo Silvestre anali akadali chiimire, thukuta likuyenderera m'malaya oyera, akuyesa kutsitsa katundu wake. Koma manja a Che Rajabo anali atakoleka pakhosi, osamasuka.

"Tsikani, bambo inu! Sindikukudziwani!"

"Posachedwapa umandidziwa, ndi shuga yemwe umandibweretsera," anatero Che Rajabo, akukonza kapusi pamutu. "Wandinyamula wekha, mwanangu, palibe anakutuma. Zinali nthabwala poyamba, koma wandigwedeza kwambiri, tsopano zafikadi. Chimbudzi ndi icho kuseri kwa nthochi. Thamanga, malaya ngako!"

Ndipo anathamanga, abale inu, mimba patsogolo, nkhalamba ya eni ake kumbuyo, ana a m'nyumba ya thonje akumuimbira m'manja mpaka kunthochi.